Katope wa Kumunsi kwa Layini

Ndikamanena kuti ku esiteti kunali mitengo, adzukulu anga amaseka. Iwo amadziwa tiyi yekhayekha, wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, ndi bulugamu wobzalidwa m'mizere. Amati agogo mukukokomeza. Asiyeni aseke, si iwo anatungako madzi pa kasupe wa kumunsi kwa layini yathu. Ine ndikatseka maso masana, dzuwa likuswa mtengo kuno ku Masambanjati, ndimamvabe kuzizira kwa malo amene aja m'mapazi, ndipo ndimawasowa kuposa mmene ndimasowera anthu ena amene ndinadya nawo mbale imodzi.

Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, ndipo amuna anga ananditengera ku malayini a esiteti kumene ankagwira ntchito yodula nkhuni za kufakitale. Makolo athu tonse awiri anachokera kutsidya, kwa Apwitikizi. Anabwera wapansi atasenza miphika ndi mbewu ya nyemba za kalongonda, ndipo amayi anga anakakhazikika cha ku Changata. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma esiteti sinkafunsa za mwambo wa munthu. Wofuna ntchito ankagona pafupi ndi ntchito, basi.

Layini yathu inali nyumba khumi ndi ziwiri zogundizana, zofolera ndi udzu, zomangidwa pamtsetse. Zipupa zake zinali zopyapyala moti wa nyumba inayo akatsokomola unkayesa ndi mwamuna wako. Chimene chinkatipulumutsa ndi mitengo. Amene anaswa mphanje kuti abzale tiyi anaisiya, kaya ndi ulesi kaya ndi nzeru, sindidziwa. Kumtunda kunali mibawa iwiri yaitali, kuseri kwa nyumba kunali misuku yambirimbiri, pabwalo panali mkuyu waukulu, ndipo kumunsi, pamene mtsetse unkathera, kunali katope. Madzi ankatuluka pansi pa mizu yake penipeni, oyera mbee, ozizira mpaka kuwawitsa mano.

M'nyumba tinkangolowa kukagona. Moyo wonse unali pansi pa mkuyu: mitondo yathu inali pamenepo, kusenda chinangwa pamenepo, kulukana tsitsi, kukangana ndi kugwirizananso, zonse pamenepo. Tikaweruka kothyola tiyi, misana itauma gwa chifukwa cha dengu, tinkangofikira kudziponya pamthunzi osalowa ndi m'nyumba momwe. Mvula ikayandikira ana ankadzuka ndi masuku m'kamwa, ndipo ikagwa tinkazula bowa pansi pa misuku yomweyo osayenda mtunda. Mwana akadwala m'mimba tinkasema kakhungwa ka mbawa n'kumuwiritsira, ankalira ndi kuwawa kwake koma mawa ankadzuka akusewera. Mphepo ya kuphiri inkafika kwa ife itatopa kale, itasiya ukali wake m'nthambi. Zonsezi sitinkaziwerengera. Palibe amene ankadzuka m'mawa n'kuthokoza mtengo.

Amuna anga anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula. Ukawafunsa funso lero, yankho unkalilandira mawa, mwinanso mkuja. Chimene ankanyadira ndi nkhwangwa yawo. Loweruka lililonse madzulo ankakhala pakhonde n'kumainola pa mwala, pang'onopang'ono, kenaka n'kumetera ubweya wa pamkono kuti aone ngati yathwa. Ndinkawaseka kuti akanakhala kuti amandisamala ngati nkhwangwayo bwenzi nditanenepa. Ankangomwetulira.

Pa nyumba ya kumapeto pankakhala azamba athu. Ankagwira ntchito yosankha timitengo mu tiyi wouma kufakitale, ndiye ankanunkhira tiyi ndi fodya wamphuno nthawi zonse. Anali mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, woti akakutukwana m'Chilomwe unkamva kuwawa ngakhale usanamasulire. Ana onse a pa layini anabadwira m'manja mwawo, choncho palibe amene ankawayankha.

Mimba yanga yoyamba inandipeza chaka chachiwiri. Tsiku lake linafika masana, mvula ikugwa, amuna onse ali kuntchito. Ndinavutika, koma si zimenezo zimene ndimakumbuka. Ndimakumbuka bata. Mwana anatuluka, ine n'kumadikira kulira kwake, azimayi atatu amene anali m'nyumbamo n'kumayang'anana. Azamba anamupukuta, anamutembenuza, anamuuzira m'kamwa, koma kunali zii. Anandionetsa kamodzi kokha. Anali ndi tsitsi lambiri, ndi tizala tatitali ngati ta bambo ake.

Mwana wotere timamutcha mtayo, ndipo mwambo wake ndi wouma mtima. Salira maliro, sakhoma bokosi, sapita naye kumanda. Azimayi okhaokha amamukulunga n'kukamuika m'kadzenje kosazama, pamalo a chinyezi ndi mthunzi, kuti mimba ya mayi wake isaume. Mayiyo sapita nawo. Mwamuna sauzidwa malo, sauzidwanso kuti mwanayo anali wamwamuna kapena wamkazi. Azamba anandigwira chibwano n'kundiyang'ana m'maso.

"Iwe, mvetsetsa. Ukadzangotsegula pakamwa kwa mwamuna wako, wadzitsekera wekha. Sudzanyamulanso mwana. Wamva?"

Ndinati ndamva. Tinali anthu opemphera, Lamulungu lililonse tinkapita kutchalitchi, amuna anga ankaimba nawo ndi mawu awo aakulu aja, koma zimenezi ndinazikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo sindinama, mpaka lero mbali ina ya mtima wanga imazikhulupirirabe.

Amuna anga atabwera madzulo azamba anawachingamira pakhomo. "Zalephereka, bambo. Limbani mtima." Anaima kanthawi atanyamula nkhwangwa paphewa. Kenaka anakhala pakhonde n'kuyamba kuinola, ngakhale silinali Loweruka. Ine ndili m'nyumba ndinkamva mwala ukulira, ndipo ndinkaluma nsalu kuti kulira kwanga kusamveke kunja.

Patapita masabata awiri ndinayambanso kupita kukatunga madzi. Ndinawapeza azamba pa kasupe akutsuka mphika. Ndikuti ndizungulire katope kuti ndikatsike bwino, iwo osadzutsa ndi mutu womwe anangoti, "Usapondepo apo." Ndinayang'ana pansi. Panali pakati pa mizu iwiri ikuluikulu, dothi lake lakuda, masamba atawunjikidwa bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo mtsuko wanga sunkachedwa kutha. Ndinkapita ku kasupe katatu, kanayi, mpaka anzanga ankandiseka kuti kodi m'nyumba mwako mukusunga nsomba. Ndinkakhala pa muzu wa kumanzere, n'kumatola zipatso za katope zimene zagwa, zija zimadetsa lilime, n'kumadya pang'onopang'ono. Sindinkapemphera, sindinkayankhula. Ndinkangofuna kukhala pafupi. Mwana wanga analibe dzina, analibe mtumbira, analibe mtanda. Anali ndi mtengo umenewu basi.

Chaka chotsatira kufakitale kunabwera makina atsopano oumitsira tiyi, ndipo ankadya nkhuni ngati alibe mimba. Nthawi yomweyo bwana wamng'ono wa ku esiteti anadwala malungo, ndiye atadzuka anagamula kuti udzudzu ukuchokera m'mitengo ya m'malayini. Anayambira layini ya kumtunda, tsidya la msewu. Amuna anga anali m'gulu lodulalo. Sabata imodzi yokha, malo onse anayera.

Tinaona ndi maso athu zimene zinawachitikira anzathu. Chilimwe chitafika nyumba zawo zinkatentha moti ana ankagona masana kunsi kwa nkhokwe. Fumbi linkalowa mu ufa. Mphepo yoyamba ya mvula inasasula madenga atatu tsiku limodzi, ndipo mvulayo itagwa matope ofiira anatsika pamtsetse n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Chitsime chawo chinayamba kutuluka madzi ofiira, ndipo dzinja litatha chinangouma. Akazi awo anayamba kudzatunga kwathu, n'kumachedwa dala pansi pa mkuyu wathu. Ife, kupusa kwake, tinkawaseka. Tinkati alendo a kuchipululu afika, apatseni mpando. Sitinkaganiza kuti nkhwangwa imene yamaliza kumtunda imatsika.

Inatsikadi m'nyengo yozizira, ine ndili ndi pakati pena pa miyezi isanu ndi umodzi. Loweruka lina kapitawo wamkulu anabwera ndi ndowa ya njereza. Malamulo ake anali akuti mtengo wopakidwa lamba woyera usiyidwe, wopanda lamba ugwe. Anapaka mibawa iwiri ija, chifukwa bwana ankafuna kudzachekamo matabwa m'tsogolo. Anadutsa misuku, anadutsa mkuyu. Ndinamutsatira chapatali mpaka kumunsi, mtsuko uli pamutu. Anafika pa katope, anawerama n'kumwa madzi ndi manja, anapukuta pakamwa, ananyamula ndowa yake n'kumapita.

Madzulo ake ndinawaphikira amuna anga kalongonda amene ankamukonda, n'kudikira kuti akhute.

"Bambo, mukadula katope uja madzi tidzamwa kuti?"

"Mtsinje ulipo."

"Mtsinje wa kutali uja? Malayini awiri, akazi onse aja, tizikapita kumeneko m'mawa uliwonse? Nanga belu la kumunda lidzatidikira?"

Anatafuna kanthawi. "Ine ndimangodula, mayi. Wopaka njereza si ine."

"Simunaone zimene zachitika kumtunda? Inu nomwe munadula, inu nomwe munakathandiza kufolera madenga atasasuka."

"Ndinaona."

"Ndiye?"

"Ndiye mtengo ndi mtengo. Ndikakana ine adula wina."

Ndinapsa mtima moti ndinawalanda mbale asanamalize. Mawu anali pakamwa penipeni, ndinkawamva akukankha mano. Koma mwana wa m'mimba anagunda, ndipo ndinawameza. Ndikanena, ndimapha amene ali m'mimba. Ndikapanda kunena, bambo ake enieni akagwetsa mtengo pamwamba pa winayo, gulu lozula zitsa n'kubwera ndi makasu kudzatembenuza dothi lonse. Ndinatuluka kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

M'mawa mwake tisanapite kutchalitchi ndinathamangira kwa azamba kukapempha kuti andimasule.

"Wapenga? Ndi chimimba chimenechi?" Anafwenkha fodya, anayetsemula. Kenaka anati, "Kodi amene amatsogolera odula ndi yemwe uja wa ndowa?"

Ndinati iyayi, ndi kapitawo wina, wamng'ono.

"Ndiye iyeyo amangoona choyera. Choyera ife tilibe?"

Tinali nacho. Kugombe la mtsinje kunali dothi loyera limene tinkakongoletsera zipupa Khirisimasi ikayandikira. Tikalisungunula n'kupaka, likauma linkawala ngati njereza yeniyeni. Lamulungu limenelo masana, amuna atapita kukasewera bawo ku layini ina, akazi tinatsika ndi miphika. Poyamba tinati tipake katope yekha, koma mkazi aliyense anali ndi mtengo wake wapamtima. Wina anati msuku wa kuseri kwa nyumba yanga ndi wotsekemera kuposa yonse, wina anati nanga mkuyu tiusiye, tidzasinjira kuti. Pofika madzulo layini yonse inali itavala malamba oyera, ndipo tinkaseka ngati ana, azamba akutilamula uku ndi uku kuti lamba akhale wofika m'chifuwa ngati wa kapitawo.

Pa katope ndinapaka ndekha poyamba. Kenaka ndinaona mkazi wa mnzawo wa amuna anga, amene ankadula nawo limodzi, akupaka mbali inayo mosamala, osaseka, akulowetsa dothi m'ming'alu ya khungwa ndi chala. Panabweranso wina, ndi winanso. Ndinaona mmene aliyense ankapondera, aliyense akulambalala malo ake. Tinali anayi. Nthawi yonseyo ndinkayesa kuti ndili ndekha pa mtengo umenewo. Sitinauzane kanthu, tinangomaliza kupaka n'kusamba m'manja.

Chimene tinaiwala ndi chinthu choti mwana aliyense wa ku Thyolo amachidziwa. Zipupa zathu zinkasunga dothi loyeralo chifukwa zinali pansi pa denga. Lolemba m'mawa tinadzuka phiri lonse litabisika, chiperoni chitafika, kamvula kaja kopanda mawu kamene kamanyowetsa munthu mpaka m'mafupa. Kanagwa masiku atatu. Njereza ya kapitawo pa mibawa inangokhala mmene inalili. Dothi lathu linasungunuka n'kuyenderera m'makungwa mpaka pansi, mitengo yonse ili mizeremizere.

Lachinayi kutayera, kapitawo wamng'ono anafika ndi gulu lake. Anayang'ana mkuyu, anapala ndi chikhadabo, ananunkhiza, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Azimayi a pa layini ino! Mwayesa mzungu ndi mwana eti? Mwakongoletsa mitengo ngati kukubwera ukwati!"

Azamba anamutukwana m'Chilomwe, iye n'kumangoseka. Anayambira kuseri kwa nyumba. Misuku sinavute, inkangogwa motsatizana. Mkuyu unawatengera tsiku lathunthu, ndipo utagwa nthaka inagwedezeka, mbale zinagwa pa thandala, mbalame zinazungulira pamwamba mpaka madzulo kusowa pofikira. Tikuweruka kumunda tinapeza mitondo yathu ili padzuwa. Mayi wina wachikulire anakhala pa thunthu lake n'kumalira mokweza, ndipo palibe anamuletsa, poti mtengo ndiye unkaloledwa kuulira.

Loweruka anafika pa katope. Ine sindinapite kumunda, ndinati mimba ikupweteka, ndipo sikunali kunama kwenikweni. Dzuwa litakwera ndinaphika chinangwa, ndinaika m'kadengu n'kutsika. Ndinawapeza amuna anga ndi mnzawo uja atamaliza kusadza tchire lozungulira, kapitawo ataima chapatali ndi ndodo yake. Amuna anga ankayang'ana m'mwamba kuti aone kumene mtengo ugwere, akubwerera chafutambuyo, ndipo phazi lawo linali pafupi kutera pakati pa mizu iwiri ija.

"Musapondepo apo."

Mawu anatuluka okha. Sanali anga, anali a azamba, ndipo sindinawauze kanthu, Mulungu ndi mboni. Amuna anga anaima phazi lili m'mwamba. Anayang'ana pansi, pa masamba owunjikidwa aja. Anayang'ana ine. Kenaka anabweza phazi n'kuliika pa muzu.

Ndinapita kukakhala pa muzu wa kumanzere, malo anga a masiku onse, n'kuvundukula chinangwa.

"Mayi, chokani apo, tikugwira ntchito," anatero kapitawo.

"Ndatopa, akapitawo. Ndikupuma kaye."

"Kapumireni kunyumba."

"Kunyumba kulibe mthunzi. Mwadula."

Ndisanamalize ndinamva mitsuko ikugundana kumbuyo. Anali anzanga atatu aja. Kaya anathawa bwanji kumunda, sindinawafunse. Anatsika mwakachetechete, anaika mitsuko pansi, aliyense n'kukhala pa muzu wake. Palibe anayang'ana mwamuna aliyense. Tinangokhala, madzi akutuluka pansi pathu monga mwa masiku onse.

Amuna anga anatiyang'ana nthawi yaitali, mmodzimmodzi. Anayang'ana mizere ya dothi pa khungwa. Munthu amene yankho lake linkabwera mawa, tsiku limenelo anayankha pomwepo. Anatsitsa nkhwangwa n'kuigoneka pa udzu.

"Uwu sindidula."

"Mwati chiyani?"

"Sindidula, akapitawo. Ukagwa uwu kasupe auma ngati wa kumtunda. Malayini awiri akamwa kuti? Akazi onsewa akamapita ku mtsinje m'mawa uliwonse, belu la kumunda lidzawadikira? Akazi anu omwe amatunga pano."

Anali mawu anga omwe aja, amene anawakana atakhuta kalongonda. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka. Kapitawo anatembenukira kwa mnzawo n'kumulamula kuti ayambe iyeyo. Bambo uja anayang'ana mkazi wake ali khale pa muzu, maso ali pansi. Anatenga nkhwangwa yake, anaigwedeza, n'kunena kuti mpini wagweduka, sangatemere mtengo waukulu chonchi, ingavulaze munthu. Mpiniwo unali wolimba, tonse tinkaona.

Kapitawo analalata, anaopseza, anamenya udzu ndi ndodo, kenaka ananyamuka kupita kukanena. Zimene anakakambirana ndi bwana sindizidziwa. Ndikuganiza kuti za kasupe sizinamukhudze bwanayo, koma zoti akazi a malayini awiri azichedwa kothyola tiyi ndiye zinamulowa. Lolemba kapitawo wamkulu anatsika ndi ndowa yake, nkhope ili ndwii, n'kupaka katope lamba wa njereza yeniyeni. Amuna anga anawachotsa m'gulu la nkhwangwa chifukwa cha mwano, n'kuwaponya kozula zitsa, ntchito imene aliyense ankaithawa. Ankabwera manja atang'ambika, msana utapindika. Nkhwangwa ija inakhala pakona mpaka kuchita dzimbiri, ndipo Loweruka madzulo ankangokhala pakhonde manja ali pamawondo. Sanandidandaulire ngakhale kamodzi.

Layini yathu sinabwererenso mwakale. Zonse zimene tinkawaseka nazo a kumtunda zinatipeza, fumbi, kutentha, madenga osasuka. Ana amene anabadwa pambuyo pake ankagula masuku kwa anthu ochokera kumidzi, ndipo ankadabwa tikamawauza kuti kale tinkawaponda ndi mapazi. Anthu anasiya kukhalira limodzi, aliyense ankabisala m'kachipinda kake, ndipo mikangano imene kale inkathera pa mtondo inayamba kugona m'mitima. Koma kasupe sanaume, ngakhale chaka chimene mvula inachedwa mpaka chimanga chinapserera. Mitondo tinaisamutsira kumunsi, ndipo masana a Lamulungu malayini awiri onse ankapanikizana pansi pa katope mmodzi. Anthu ankawatama amuna anga kuti anaona patali pa nkhani ya madzi. Iwo ankangogwedeza mutu.

Mwana wa m'mimba uja anabadwa bwinobwino, wamwamuna, ndipo analira mokuwa mpaka azamba anati ameneyu akulirira awiri. Pambuyo pake panabwera ena atatu. Chilimwe chilichonse, udzu ukauma, amuna anga ankatenga khasu n'kukalambula kuzungulira katope, mmene anthu amalambulira kumanda. Wina akawafunsa ankati akuteteza moto. Pakati pa mizu iwiri ija sankagwiritsapo khasu, ankazula udzu ndi manja. Ndinkawaona ndili pamtunda ndi mtsuko wanga, n'kudikira kuti amalize ndisanatsike. Kunyumba sitinkanenapo kanthu. Tinkakamba za mchere, za ana, za denga lodontha.

Tinakhala choncho zaka zambiri, mpaka mwana wathu womaliza anayamba kuthyola nawo tiyi, ine nditasiya kubereka. Ndiye abale anga anatipezera malo kuno ku Masambanjati, ndipo tinaganiza zochoka. Tsiku losamuka tinadzuka m'mawa, tinamanga katundu, tinatsanzika pa layini. Azamba anali atamwalira kalekale. Ana anatsogola ndi mphasa ndi nkhuku. Tili pamsewu amuna anga anatula mtolo wawo n'kunena kuti, "Tiyeni tikamweko madzi."

Tinatsika awiriwiri. Katope anali atakula, lamba wa njereza uja atatsala zigamba zochepa. Anamwa ndi manja, inenso ndinamwa. Anaima pa muzu, akuyang'ana pansi, ndipo ndinkayesa kuti tizipita.

"Mayi, tsopano kubereka munasiya."

"Ndinasiya."

"Ndiye palibe chimene chingaonongeke."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti mwambo wa akazi uja ankaudziwa wonse, ndipo zaka zonsezi sikuti analibe funso. Ankandisungira mimba yanga.

"Anali ndani?"

"Wamkazi," ndinatero. "Anali ndi zala zanu."

Anavula chipewa. Anayang'ana manja awo, aja ong'ambika ndi zitsa, anawatembenuza uku ndi uku.

"Bwenzi pano atakwatiwa," anatero.

Pamenepo ndinalira, mokweza, kulira kumene ndinakuluma mu nsalu tsiku lija, ndipo iwo sanandiletse. Anaima pambali panga chipewa chili m'manja mpaka ndinamaliza. Kenaka tinakwera mtsetse n'kusenza katundu wathu.

Sindinabwererekonso. Anthu ochokera kumeneko amati malayini aja anagwetsedwa, tiyi anafika mpaka kumunsi. Za katope sindifunsa, ndimaopa yankho. Pakhomo pano amuna anga anabzala mitengo yambiri, ndipo mdzukulu amene angayerekeze kuiyandikira ndi nkhwangwa amadziwa mmene pakamwa panga palili. Alendo akandifunsa kuti ndinabereka ana angati, chizolowezi chimandipambana, ndimati anayi. Amuna anga, kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo, ankati asanu.